Wazinga Ndani Mbuziyi?

Musandiombere m'manja. Sindinachite chilichonse chofunika manja, komanso phokoso limandipweteketsa mutu. Amayi a komiti andiuza kuti ndiyankhule kwa achinyamata anzanga. Ndiye amene ali pa foni apitirize, amene akufuna kumva amve.

Dzina langa ndine Dominiko. Ndimagulitsa nyama ya mbuzi pa msika wa Namitambo, pa benchi yoyandikana ndi amayi a tomato. Enanu mumandidziwa ndi dzina lina lija, Chibudu. Musagwetse nkhope, ndimakumvani ndikamadutsa. Kwa amene simukudziwa, chibudu ndi nyama yofa yokha kapena yozingidwa mosayenera, imene Msilamu saloledwa kuika pakamwa. Dzinalo sanandinamizire. Ndinaligwirira ntchito.

Sukulu ndinasiyira Fomu 2. Sindinali mbuli, masamu ndinkawatha. Chaka chimene mvula inagumula mapiri kuno nyumba yathu inagwa, munda unapita ndi madzi, bambo anadwala chifuwa osadzukanso. Amalume a ku Limbe anabwera pa maliro ndi galimoto, analira kuposa amayi, nalonjeza pamaso pa anthu kuti sukulu yanga ili m'manja mwawo. Mpaka lero manjawo sanawafumbatule. Anzanga amene ndinkawaonetsa mayankho ndimawaona pa foni atavala mataye. Ine ndinatsala ndi zimene bambo anasiya: benchi, sikelo, chikwanje, ndi Che Bwanali.

Ife kwathu ndife Akatolika, timadya chilichonse. Koma aliyense pano akudziwa kuti ukafuna kugulitsa nyama pa msika, ogula ambiri ndi Asilamu, ndiye mbuzi suzinga wekha. Umaitana Msilamu. Wa bambo anali Che Bwanali, mdala wokonza njinga, wolongolola ngati wailesi yopanda batani. Ankabwera m'mamawa akachoka ku mzikiti, n'kuilozetsa mbuzi kumene amayang'ana akamaswali, n'kutchula dzina la Mulungu, mpeni kamodzi, yatha. Malipiro awo anali kachidutswa ka chiwindi, ndipo tsiku lililonse ankadandaula kuti kachepa. Wogula akafika pa benchi amangofunsa kuti, "Wazinga ndani?" Iwe n'kuyankha kuti, "Che Bwanali." Basi. Palibe amene amapita kukatsimikiza. Bizinesi yonse ya bambo inaima pa yankho limenelo.

Kugwa kwanga sikuchedwetsani. Ndi kachasu, ngati wa enanu. Ndinali ndi mnzanga wa kabaza, tinkamutchula Sitima. Tinkamwa kuti tiiwale, ngakhale sindikudziwa kuti iyeyo ankaiwala chiyani. Tsiku lina ndinadzuka dzuwa litakwera. Che Bwanali anali atabwera, atandidikira, atapita. Mbuzi ili pa chingwe, msika wadzaza.

Sitima anati, "Aise, mbuzi imamva Chiarabu? Nyama ndi nyama. Dula."

Ndinadula, kuseri kwa msika, kumtsinje. Wogula woyamba atafunsa, manja ananjenjemera mpaka sikelo inalira. Ndinati, "Che Bwanali." Anagula, anapita, mphezi sinandiombe. Ulendo wachiwiri manja ananjenjemera pang'ono. Kenako sanathenso kunjenjemera. Che Bwanali ndinawauza kuti malonda avuta, azibwera tsiku la msika lokha. Masiku enawo ndinkazinga ndekha, chiwindi chonse n'kukhala ndiwo ya mowa.

Ndipo ndinali ndi mfundo, musaganize kuti ndinalibe. Wadwala ndani? Palibe. Tchalitchi changa chimaletsa kuzinga mbuzi? Ayi. Mulungu amene anaonerera bambo anga akutsokomola magazi angabwere kudzandifunsa za khosi la mbuzi? Ndinkanena zimenezi pa mowa, anthu n'kumaseka kuti Dominiko akanakhala loya.

Zimene sindinaone n'zakuti bodza silikhala pamene walisiya. Chala changa chinaphunzira kutsamira pa sikelo. Nyama ya dzulo ndinayamba kuibisa pansi pa ya lero. Amayi akandifunsa kuti unali kuti, ndinkati ku Boma, chonsecho ndinali kuseri kwa nyumba. Bodza lopanda phindu, lopanda chifukwa. Linkangotuluka.

Tsopano ndikuuzeni za Abiti Jafali. Ndi amayi a tomato aja ndanena, oyandikana ndi benchi yanga. Amuna awo, Che Matola, anali bwenzi la bambo kuyambira unyamata, wina wa kolona wina wa mzikiti, koma ankagawana fodya ndi njinga. Bambo atamwalira, Abiti Jafali ndi amene ankandisungira mbatata yootcha m'kansalu. Ankandikalipira ngati wobala yekha.

"Dominiko, maso akowo afiira ngati tomato wanga wotsala. Wagona kuti?"

"Kunyumba, amayi."

"Nyumba yake yogulitsa utsi wa nzimbe? Idya apa, usandigwere pa malonda."

Msika wonse unkafunsa kuti wazinga ndani. Abiti Jafali sanandifunsepo. Ankangoloza mwendo umene akufuna, n'kutsegula jumbo.

Che Matola anadwala nthawi yaitali, kenako anamwalira. Itakwana nthawi ya sadaka, chakudya chimene Asilamu amaphika pokumbukira womwalira, mashehe n'kumuwerengera duwa, Abiti Jafali anabwera ndi mbuzi pa chingwe. Tonde wakuda, wa banga loyera pamphumi, amene Che Matola ankamudyetsa okha madeya ali pa mphasa ya matenda.

Anati, "Mwana wanga Amidu afika mochedwa kuchokera ku Limbe, ndipo kusenda satha, angandiboolere chikopa. Igone kwa iwe. Mawa Che Bwanali akazinga, usende bwino ubwere nayo. Ndawauza kale."

Ndinati musadandaule amayi. Ndipo ndinkanena zoona, tsiku limenelo ndinafunadi kuchita bwino. Koma njira ya kwathu imadutsa pa mowa, ndipo mapazi anga anali ndi nzeru zawozawo. Ndinati kapu imodzi. Mbuzi ndinaimanga pa mtengo wa mango pamtsetse, kuseri kwa nyumba ya kachasuyo.

Ndinadzuka kutacha, pakhonde la eni mowa, nkhuku zikundidumpha. Nditapita kuseri ndinapeza tonde uja atazungulira mtengo mpaka chingwe chatha, n'kutsetsereka. Anali lende, lilime panja, atazizira kale.

Mukudziwa chimene chimandiopsa ndikakumbuka? Sindinaganize. Sindinakhale pansi n'kunena kuti ndichite chiyani. Manja anatenga mpeni okha. Ndinadula khosi la mbuzi yakufa kuti lioneke lozinga, magazi osatuluka, kungodontha zakuda. Ndinasenda, ndinatsuka nyama kumtsinje mpaka inayera pang'ono, ndinaika m'beseni, ndinafunditsa masamba a nthochi, ndinamanga pa njinga. Zonsezi ndinachita mwaluso, ngati munthu amene akugwira ntchito imene anaiphunzira bwino. Ndipo ndinali nditaiphunziradi.

Pakhomo pa Abiti Jafali panali patadzaza. Amuna pa mikeka pansi pa mtengo, makofiya mbuu. Amayi kuseri, mafuwa atayalidwa, mpunga ukusankhidwa m'malichero. Ndinatsitsa beseni. Mlamu wawo wina, mayi wamaso akuthwa, anavundukula masamba n'kuyang'anitsitsa.

"Yada bwanji nyamayi? Wazinga ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa Abiti Jafali anayankha ali chowerama pa anyezi, osatembenuka n'komwe.

"Ameneyo safunsidwa. Ndi mwana wa malemu Paulo. Amamuzingira ndi Che Bwanali kuyambira nthawi ya bambo ake. Tonde wokalamba amada, dulani."

Mipeni inayamba kulira. Ine ndinabwerera ku njinga kuti ndizipita. Ndinapeza munthu atagwira chishalo. Che Bwanali. Mutu wa chidakwa ndi wodabwitsa, njira yonse ija sindinaganizeko kuti munthu amene anali mnzake wa malemu angakhale pa sadaka yake.

Anati motsitsa mawu, "Mnyamata, ndakudikira pa msika mpaka tiyi wanga wazizira. Mpeni wanga lero sunanyowe."

Pakamwa panga panayankha pokha. "Nditaona kuti mwachedwa ndinapita kwa shehe wina wa ku Likoswe."

"Dzina lake?"

Dzina linabwera. Linafika pa lilime lathunthu, ndi mudzi wake womwe, ndi mtundu wa njinga yake. Munthu woti kulibe. Sindinamufunefune, anangobwera ngati kuyetsemula. Ndipo pamenepo, kwa nthawi yoyamba, ndinadzimva ndekha ngati ndikumva munthu wina. Ndinachita mantha. Sindinaope Che Bwanali, kamdala koti ndikanatha kukakankha ndi dzanja limodzi. Ndinaopa chinthu chimene chinkayankhula m'kamwa mwangamo.

Dzinalo sindinalitchule. Che Bwanali anandinunkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Yafa yokha?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Sanalalikire. Anayang'ana kuseri kumene amayi ankadula nyama, anayang'ana ine.

"Dzina langa latchulidwa uko, ndamva. Nyama imeneyo m'poto silowa, ndili moyo. Koma kamwa lako sindikugwirira ganyu. Pita ukanene wekha. Ukakwera njingayi, ndikanena ine, ndipo iwe ukhala munthu amene anakwera njinga. Moto akuyatsa uko, fulumira."

Anachotsa dzanja pa chishalo. Njira inali apo, yotsetsereka bwino, sindikanapalasa n'komwe. Ndikanakagona kwa Sitima, mawa n'kukwera minibasi ya ku Limbe, n'kukasowa pakati pa anyamata onyamula katundu. Ndinaganizadi zimenezo, ndisakunamizeni. Mulimonsemo benchi inali itapita. Chotsala chinali chimodzi, kuti Abiti Jafali amve kuchokera kwa ine kapena kwa wina.

Njinga ndinaisiya pomwepo, n'kulunjika ku mafuwa. Ndinagwada pafupi ndi lichero la anyezi.

"Amayi, nyamayi musaphike."

"Bwanji, yagwa pansi? Titsuka."

"Che Bwanali sanazinge. Inadzipachika pa chingwe ine nditaledzera. Ndadula itafa kale."

Mipeni inaleka. Mayi wina anataya nthuli imene inali m'manja n'kuyamba kupukuta zala pa chitenje ngati wagwira moto. Amidu, amene anali atangofika, anandidzutsa ndi kolala. Khofi lake ndimalimvabe kukazizira. Anthu anayamba kudzuka pa mikeka.

"Musiye," anatero Abiti Jafali. Sanakweze mawu. Anapukuta manja, anandiyang'ana, ndipo ndikanakonda Amidu akanapitiriza.

"Ndi lero lokha?"

Apa mpamene panali mayeso enieni, chifukwa palibe amene ankadziwa. Ngakhale Che Bwanali sankadziwa. Ndikanati eya, ndi lero lokha, mowa unandipusitsa, anthu akanati mwana walakwa koma waulula. Yankho limenelo linali kale pa lilime, lokonzeka. Ndinalimeza. Linawawa ngati fupa.

"Ayi, amayi. Ndi kale. Kupatula masiku a msika, ndimazinga ndekha."

"Ija ya pa Idi?"

"Ndi imeneyonso."



"Che Matola atasiya kudya, ndinkawaphikira msuzi wa mafupa. Ndinkagula kwa iwe, pakati pa sabata. Ndi chokhacho chimene chinkatsika."

Shehe wina wachikulire anayandikira n'kunena kuti mayi musavutike mtima, munthu wodya mosadziwa alibe mlandu, inu ndi malemu muli oyera.

Abiti Jafali anati, "Ndikudziwa kuti tchimo si langa, a Shehe. Koma supuni inali m'manja mwanga." Kenako kwa ine: "Tenga katundu wako."

Ndinatola nthuli imodziimodzi anthu akundionerera. Ndinamva pambuyo pake kuti anathamangira kukagwira nkhuku za oyandikana nawo kuti ndiwo zipezeke, alendo ena anadya mpunga ndi nandolo. Sadaka ya munthu amene ananyamula bokosi la bambo anga.

Panjira ndinakumana ndi Sitima. Atamva nkhani anaseka mpaka kugwira thanki ya njinga yamoto.

"Ndiwe chitsiru, aise. Koma nyamayo usataye. Anyamata a chiwaya ku Boma safunsa. Kwera."

Ndinakumba dzenje m'munda mwa amayi n'kuikwirira. Sindinganene kuti ndinali nditasintha. Ndinkakwirira ndikutukwana. Koma chimenecho n'chinthu choyamba cholungama chimene manja anga anachita patapita nthawi yaitali, ndipo anachita mosazolowera, ngati akulemba ndi kumanzere.

Tsopano za kubwerera, chifukwa n'zimene andiitanira. Musayembekezere zokoma.

Benchi inafa. Asilamu anasiya kugula, Akhristu nawonso anasiya, chifukwa munthu wonama pa khosi la mbuzi anganamenso pa sikelo, ndipo sankalakwa. Ndinapita kukaumba njerwa. Amayi anamasula mbuzi yawo yokhayo, imene ankati idzawathandiza pa matenda, n'kundiyendetsa nayo mpaka kwa Abiti Jafali, iwo patsogolo ine pambuyo ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Amidu ndiye analandira chingwe. Mayi ake sanatuluke.

Ndinakalapa ku mishoni. Ndinkaganiza kuti ndikatuluka ndikhala wopepuka. Bambo mfumu anandipatsa mapemphero, kenako anati, "Mulungu wakhululuka. Koma chala chako chija sichinamve. Chimenecho ukachiphunzitse wekha." Ndinakwiya, ndinkafuna zachangu. Koma ankanena zoona. Ndinatuluka m'tchalitchi, mtsikana wina anandifunsa kuti ndikuchokera kuti, ndinati ku chigayo.

Ndiye chinthu choyamba: musadalire lumbiro. Ndinalumbira kangapo kuti mowa basi, ndipo lumbiro lililonse linkathera pa mtengo wa mango uja. Chimene chinandithandiza ndi Che Bwanali ndi mphuno yawo. Nditapita kukawapempha kuti ayambenso kundizingira, anali akumata chubu, sanadzutse mutu.

"Dzina langa unaligulitsa pa kilo, mopanda kundigawira n'komwe chiwindi. Ndizinga, chifukwa cha Paulo. Koma pabwalo, pamaso pa msika, osati kumtsinje kwako. Ndipo m'mawa uliwonse uzindiuzira mpweya kumaso. Ndikamva nzimbe, ndabwerera."

Munthu amene akudziwa kuti kukacha akauzira mpweya nkhalamba yamwano amaganiza kawiri madzulo. Ndinasintha njira yopita kunyumba, ndimazungulira ku dambo, kutali, koma sikudutsa pa mowa. Sitima timapatsana moni wa dzanja basi.

Ndinagwanso, musaganize kuti ayi. Tsiku lina ndinadzuka mochedwa, mutu ukugunda, Che Bwanali atapita, mbuzi ili pa chingwe, msika wadzaza. Chimodzimodzi ngati tsiku loyamba lija. Mpeni unali m'manja. Ndinaubwezera m'thumba, ndinakoka mbuzi kubwerera nayo kunyumba, tsiku limenelo tinagona ndi phala. Ngati pali tsiku limene ndingadzitame nalo, ndi limenelo, tsiku limene ndinaledzera. Ganizirani pamenepo.

Chachiwiri: ndinasintha funso. Kale ndinkafunsa kuti wadwala ndani, ndigwidwa kodi, lamulo lake lili pati. Mafunso amenewo ndinkawapambana nthawi zonse, ndinakuuzani kuti ndikanakhala loya. Pano ndimafunsa kuti, ndikachita ichi lero, mawa chikhala chophweka? Ndipo ndikufuna kuti chiphweke? Posachedwapa anyamata ena anandibweretsera mbuzi yonenepa, mtengo wa nkhuku, mwini wake akuti ali ku Joni. Palibe akanadziwa. Koma ndikanagula, ulendo wotsatira sindikanafunsanso n'komwe za mwini wake. Ndinawabweza. Funso likandikanika ndimaganiza za bambo, kuti Paulo akanatani pamenepa. Sanawerenge buku lililonse, koma ankadziwa.

Chachitatu ndinaphunzira mochititsa manyazi. Nditayamba kunena zoona ndinapitirira. Ndinkauza wogula kuti nyama iyi ndi ya dzulo, zimene n'zabwino. Koma ndinkauzanso anthu zimene sanafunse: kuti mwamuna wako ndinamuona kwakuti, kuti iwe umaba pa chidebe cha chimanga. Ndinkati ndine wachilungamo tsopano. Amayi anandikhazika pansi n'kuti, "Dominiko, kale unkabaya anthu ndi bodza, pano ukuwabaya ndi zoona. Mpeni ndi womwewo." Chilungamo chili ndi muyeso wake, ngati mchere. Chimenecho chikundivutabe, mwaona kale mmene ndayambira kuyankhula pano.

Sindikuuzani kuti ndine munthu wabwino. Mkwiyo wa sukulu ukadalipo, amalume ndikawaona sindikudziwa chimene ndidzanene. Ndikungokuuzani kuti palibe amene anadzuka tsiku limodzi n'kudula khosi la mbuzi yakufa ya mayi wamasiye. Ndinayeserera kwa nthawi yaitali, pa tinthu ting'onoting'ono timene sitinadwalitse munthu. Inunso pali chimene mukuyeserera panopa. Mukuchidziwa, sindikufunsani.

Ogula anabwerera pang'onopang'ono, poyamba Akhristu, kenako Asilamu amene ankaona okha Che Bwanali akuzinga. Abiti Jafali anasamutsa tomato wawo kupita mbali ina ya msika. Mvula inagwa, inatha, chimanga chinakololedwa, osandiyang'ana.

Mwezi wathawu ndikudula nthiti ndinaona chitenje chimene ndimachidziwa chitaima patsogolo pa benchi. Chikwanje chinatsala pang'ono kundigwa. Analoza mwendo, ngati kale. Anatsegula jumbo, ngati kale. Ndinayeza, chala changa chili kumbuyo kwa msana.

Kenako anati, "Wazinga ndani?"

Anali ataona okha m'mawa umenewo. Anadutsa pomwepo Che Bwanali akupukuta mpeni. Koma anafunsa.

"Che Bwanali, amayi."

Anayang'ana nyama, anayang'ana ine, analipira, anapita.

Pano amabwera sabata iliyonse. Sabata iliyonse amafunsa. Anthu ena onse akafunsa ndimayankha osamva kanthu, ndi funso la pa msika. Akafunsa iwo, ndimamva ngati khofi la Amidu. Mwina tsiku lina adzangoloza mwendo n'kutsegula jumbo osanena kanthu. Mwina adzamwalira akufunsabe, ndipo adzakhala sanalakwe.

Ndathera pamenepa. Mawa ndi tsiku la msika, ndipo pali nkhalamba imene ikudikira mpweya wanga.